Mmene Tinafupikitsira Njinga Yamoto ya Chipatala

Ndine munthu wamfupi, ndipo msinkhu wangawu sunandivutitsepo mpaka pamene ananditumiza kukagwira ntchito pachipatala cha ku Chama, kuchigwa, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ndinali namwino wa amayi ndi ana. Ndinachoka ku Chipata ndi sutikesi imodzi, mbaula ya makala ndi wailesi ya kaseti, ndipo kuchigwako ndinatsikira nditakhala pamwamba pa matumba a simenti m'lole. Ntchito yanga sinali ya m'wodi yokha. Kawiri pa sabata ndinkayenera kupita kumidzi kukachititsa sikelo: kuyeza ana, kuwabaya katemera ndi kuona amayi oyembekezera.

Galimoto ya chipatala inali imodzi, ndipo masiku ambiri inkakhala itakwezedwa panjerwa kudikira zitsulo zochokera kutali. Chimene chinalipo ndi njinga yamoto, yatsopano ndithu, imene anthu othandiza boma anapereka. Inali ya zoyenda m'tchire zija, wilo lakutsogolo lalikulu, matayala a mano, chishalo chili m'mwamba. Tsiku loyamba kuima pambali pake, chishalocho chinandifika pamwamba pa mchombo. Amene anaipanga ankaganiza za mwamuna wamtali wa nsapato zazikulu, osati ine.

Miyezi yoyamba ankandinyamula mnzanga wa zaukhondo, ine kumbuyo nditakumbatira bokosi la katemera. Koma mnzangayo anali ndi zake: zitsime, zimbudzi za m'masukulu, nyama ya pamsika. Akatanganidwa sikelo inkalephereka, ndipo amayi amene ayenda mtunda wautali ana ali kumsana ankabwerera osationa. Zitachitika kachitatu ndinapita kwa akulu a chipatala n'kuwauza kuti ndikufuna kuphunzira kuyendetsa ndekha.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sanachedwe chifukwa mtunda wake unali waufupi.

"Kuyendetsa mudzadziwa, asisita," anatero. "Koma pansi mudzafikapo?"

"Zimenezo tidzaona konko," ndinawayankha.

Ndinaphunzirira pabwalo la mpira la sukulu, masana a Loweruka ndi Lamlungu. Pasanathe milungu iwiri ndinkasintha magiya, kukhota, ngakhale kudutsa pamchenga osagwa. Poliza injini ndinkaimika njinga pafupi ndi khonde, n'kukwera pakhondepo kuti ndiponde kiki ndi thupi lonse. Zonsezi zinatheka. Chimene chinakana ndi kuima. Njinga ikangoima, phazi langa linkafufuza pansi m'malere, chala chachikulu chokha n'kumakanda fumbi, ndipo njingayo inkayamba kupendekeka pang'onopang'ono mpaka tonse awiri titagona.

Choncho misewu ya Chama ndinaidziwa mosiyana ndi anzanga. Iwo ankadziwa midzi ndi mitsinje. Ine ndinkadziwa poponda: kachulu kapafupi ndi mlatho wa mitengo, chitsa cha tsanya pamphambano, muzu wa mlambe wotulukira kumsewu. Munthu akandiimika panjira kuti andipatse moni, ndinkangomukwezera dzanja n'kupitirira, mpaka ena anayamba kunena kuti nesi watsopanoyu ndi wonyada.

M'mudzi wina wa ku Tembwe amayi anamvetsa vuto langa, ndipo tsiku la sikelo ankandiikira mtondo wozondotsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinkafika, kuponda pamtondo, kuzimitsa injini, wina n'kugwira njinga, ine n'kutsika ngati mlendo wolemekezeka. Zinayenda bwino mpaka nyengo yokolola mpunga, pamene mwini mtondo anaiwala tsiku n'kuutenga kukasinjira. Ndinafika pamango paja amayi atakhala kale pamphasa, mtondo palibe. Ndinazungulira mtengowo ndikufuula kuti, "Mtondo uli kuti?" Koma injini inkasokosera, ndipo iwo anaganiza kuti ndikuwaonetsa luso. Anayamba kuomba m'manja. Ulendo wachiwiri ena anayamba nthungululu. Wachitatu wina anayambitsa nyimbo yolandirira alendo. Ndinaona kuti ndikhoza kuzungulira mpaka mafuta kutha, ndiye ndinangoima. Tinagwa mwaulemu, ine ndi njinga, nyimbo ili pakati. Katemera sanasweke, koma ekizozi, mpope wotulutsa utsi uja, inandiotcha pakatumba, ndipo chipsera chake ndidakali nacho.

Amayiwo anandidzutsa n'kundipepesa, kenako tonse tinaseka mpaka ana a kumsana anayamba kulira. Koma pobwerera, mwendo ukundiwawa ngati moto udakali pomwepo, ndinatsimikiza kuti sindingapitirize chotere.

Akulu a chipatala ataona bala langa sanachedwe kuvomera kuti njinga ikonzedwe. Anangoti, "Ndi katundu wa boma ameneyu. Musadule kanthu, musawotcherere kanthu. Chitsulo chilichonse chimene muchotse chibwere kuno kusitolo."

Kuseri kwa msika kunali bambo ena achikulire amene anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri n'kubwerera kwawo ndi bokosi la masipanala. Ankakonza zigayo, njinga zakapalasa, makina osokera, chilichonse chozungulira. Anthu onse ankawaitana kuti adada, monga amaitanirana kumeneko, ndipo nanenso ndinatero. Atamva nkhani yanga sanaseke. Anandipatsa bango kuti ndidziyeze nalo ndekha kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene, n'kulithyola pamenepo. Kenako analiimika pambali pa chishalo. Panatsala mpata woposa chikhato.

"Manje vuto lanu lonse ndi ili," anatero akuloza mpatawo. "Si lalikulu. Inu sitingakutalikitseni, ndiye tifupikitsa iyi."

Anandiuza kuti ndikwere iwo atagwira, ndipo anayang'anitsitsa manja anga pamahandulo. Anati ndigwire buleki yakutsogolo. Zala zanga zinangoikhudza ndi nsonga.

"Nanga masiku onsewa mumaima bwanji?"

"Ndi yakumbuyo, adada."

Anagwada n'kumasula wilo lakumbuyo, n'kundionetsa zitsulo ziwiri zopindika za m'kati mwake, zimene zimakanikiza wilo munthu akaponda buleki. Zinali zitadyeka mpaka kunyezimira. Mchenga wa m'chigwa ndi phazi langa zinali zitathandizana kuzimaliza.

"Ntchito zilipo zitatu," anatero. "Mawilo, mashokapu, mabuleki. Mupirire, zitenga nthawi."

Kuseri kwa shedi yawo kunali njinga yamoto ina yakufa, ya zoyenda m'tauni, imene mphunzitsi wina anaisiya posamuka injini itaphulika. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Malimu ake, zitsulo zozungulira zija zimene pamakhala matayala, anali aang'ono kuposa a njinga yathu, ndipo anali asanapindike. Amenewo adada anachotsa. Zina zonse zinayenera kuchokera ku Lundazi: masipoko aafupi, matayala a mano okwana malimuwo, zitsulo za mabuleki, waya wa buleki ndi mashokapu awiri aafupi, zitsulo za masipiling'i zija zimene zimameza mabampu. Tinalemba papepala n'kupatsa dalaivala wa lole yonyamula mpunga. Patatha milungu iwiri anabwera nazo zonse, koma shokapu imodzi yokha. Anati wasitolo anali ndi yomweyo basi, ndipo iye anaona kuti kuli bwino kubwera nayo kusiyana n'kubwera chimanjamanja. Inzake inadzafika patapita milungu ina iwiri, itakulungidwa m'chitenje cha mayi wina wochokera kumsonkhano wa mpingo.

Podikira shokapu yachiwiriyo tinayamba mawilo. Njinga inakwezedwa pachipika, ndipo ine kumidzi yapafupi ndinkapita pa yakapalasa. Ndinkaganiza kuti mawilowo aluka ndi adada. Koma atamasula masipoko akale n'kutsala ndi habu, mtima wa wilo umene umasunga buleki, anapukuta m'manja n'kuitana akazi awo.

"Izi ine ayi," anatero. "Mtima wanga umathamanga. Mawilo onse a njinga amene mumaona m'boma muno amaluka ndi awa."

Amama aja anali oluka mphasa ndi madengu, munthu wosalankhulalankhula, wamfupi kuposa ine, chinthu chimene chinandisangalatsa kwambiri. Chinyanja ankachimva koma ankayankha m'Chisenga, chiyankhulo cha kumeneko, ndipo ine Chisenga changa chinali cha m'chipatala chokha: mutu, m'mimba, mwana wayamwa? Anayala mphasa n'kukhala atatambasula miyendo, habu ili pamaondo, masipoko ali m'lichero pambali. Ankalowetsa imodziimodzi, iyi kuloza uku, inzake kudutsana nayo, osawerenga mokweza, osaonera pawilo lina. Ndikaweruka ndinkapita kukakhala nawo, ndipo ntchito yanga inali yowapatsira timitu tomangira masipoko. Tsiku loyamba tinagwira mwakachetechete. Tsiku lachiwiri anayamba kundiuza maina a zinthu m'Chisenga, ine ndikubwereza, iwo akuseka katchulidwe kanga ataphimba pakamwa ndi chitenje.

Kuluka kunatha msanga. Kuwongola n'kumene kunadya masiku. Adada ankaika wilo m'malo mwake njinga ili pachipika, amama n'kulizunguza atagwira khala pafupi ndi limu. Pamene wilo lapotokera, khala linkasiya kachizindikiro kakuda. Pamenepo ankamanga pang'ono sipoko ya mbali iyi, kumasula pang'ono ya mbali inayo, n'kuzunguzanso. Pomaliza anatenga supuni ya tiyi n'kumagogoda masipoko onse motsatana, khutu lili pafupi. Ina ikalira mosiyana ndi inzake ankaima n'kuikhudza ndi kasipanala. Nditayesa kumvetsera, zonse zinkamveka chimodzimodzi. Amama anandiyang'ana n'kunena mawu amene sindinawatole.

"Akuti musadandaule," anamasulira adada. "Iwonso sangamve mtima wa mwana ali m'mimba ndi kachitsulo kanu komvetserera kaja."

Shokapu yachiwiri itafika, adada anachotsa aatali aja n'kuika aafupi, ndipo kumbuyo kwa njinga kunatsika. Kutsogolo anamasula mabawuti ogwira mafoloko, mipope iwiri imene imanyamula wilo, n'kutsetsereza njinga kuti kutsogolo kutsike mofanana ndi kumbuyo. Sitandi yoimikira njinga anaika ya njinga yakufa ija, popeza yathu tsopano inali itatalika. Kenako anati ndikwere.

Zala zonse za kumapazi zinafika pansi, mbali zonse ziwiri. Ndinakhala pamenepo popanda wondigwira, njinga ili chilili pakati pa miyendo yanga, ndipo sindinafune kutsika. Adada chisangalalo chinawapitirira. "Titsitsenso pang'ono, phazi lonse ligone," anatero, ndipo ine sindinakane. Anatsitsa kutsogolo ndi zala zina ziwiri, n'kufewetsa masipiling'i a mashokapu mpaka pomalizira. Mapazi anagona pansi ngati ndaima m'khitchini.

Apa tinalakwitsa tonse awiri. M'mawa mwake ndinatuluka nayo pamsewu wa ku Tembwe kukayesa. Pamalo pamene malole anakumba ngalande ziwiri m'dzinja n'kusiya msana pakati, mimba ya injini inagunda dothi louma lija mpaka mano anga anagundana. Nditapita pang'ono inagundanso. Ndinabwerera ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Adada anagona chagada n'kuyang'ana pansi pa injini nthawi yaitali.

"Sinabooke," anatero. "Koma tinachita dyera. Msewu nawonso ukufuna malo ake."

Anaikwezanso ndi zala ziwiri zija n'kulimbitsa masipiling'i. Kenako anadula chivundikiro cha mgolo wa mafuta, n'kuchipinda, n'kuchimanga ndi mabawuti pansi pa injini kuti chiziitchinjiriza. Kuyambira pamenepo ndikaima ndinkapendeketsa njinga pang'ono kumanzere, phazi lonse n'kugona pansi, lakumanja lili pabuleki. Zinandikwanira.

Mabuleki anawasiyira kumapeto. Anakwecha m'kati mwa mahabu ndi sandipepa, n'kuika zitsulo zatsopano zija ndi waya watsopano atamuthira oilo. Chogwirira buleki cha njinga yathu anati chikhoza kuthyoka akachipinda, ndiye anatenga chachitsulo cha njinga yakufa, n'kuchiotcha pambaula ya amama mpaka kufiira, n'kuchipinda kuti chiyandikire handulo. Anachipinda katatu, nthawi iliyonse akuchiviika m'madzi n'kundiuza kuti ndiyese, mpaka zala zanga zinachikoleka bwinobwino. Ndinkaona ngati tamaliza, koma iwo anajambula mzere pansi ndi chidendene, kutsogolo kwa shedi.

"Manje muphunzire kuima. Muzichokera kumsika uko, muime wilo lisanaponde apa. Mabuleki onse awiri pamodzi. Pamchenga, yakutsogolo muzingoinyengerera."

Mzerewo ndinaupitirira kasanu. Amayi ogulitsa tomato ndi nsomba zouma anasiya malonda n'kumandiwerengera mokweza. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinaima pamalo pake, ndipo mmodzi wa iwo anabwera kudzandipatsa nthochi.

Ulendo weniweni woyamba unali wa ku Chikwa, kutali kuposa kulikonse kumene ndinapitako ndekha. Njinga inali ngati ina. Pamabampu inkandigwedeza kuposa kale, popeza mashokapu aafupi sameza zambiri, ndipo mawilo aang'ono ankafuna kuti ndiziona maenje akadali patali. Koma mantha anali atandichoka m'mapewa. Ndinaima pamtsinje wouma kuti ndione podutsa ndisanalowe mumchenga, chinthu chimene kale sindikanatha. Ndinaima kupereka moni kwa mphunzitsi wina amene ankakankha njinga yake yophwa tayala, ndipo tinacheza mpaka anandiuza za mkazi wake woyembekezera amene anali asanabwerepo kusikelo. Ndinaimanso kamodzi popanda chifukwa chilichonse, pansi pa mtengo wa tsanya, kungofuna kumva kuti ndi zoonadi.

Chakufupi ndi mudzi wa sikelo, msewu unakhotera kuseri kwa udzu wautali. Nditangokhota ndinaona mphasa zitatu za mpunga woyanika pakati penipeni pa msewu, poti m'pamene panali poyera ndi posalala. Dzanja ndi phazi zinagwira ntchito ndisanaganize. Wilo lakutsogolo linaima pafupi ndi mphasa moti nkhuku sikanadutsa pakati. Mwini mpunga anatuluka pamthunzi atanyamula kamtengo kopirikitsira mbuzi, anayang'ana wilo, anayang'ana ine.

"Mukanaponda, bwenzi mutandisinjira," anatero mayiyo, n'kukoka mphasa imodzi kuti ndidutse.

Sabata yotsatira ndinapita kwa adada kukathokoza, ndipo m'kucheza ndinamva kuti amama, amene analuka mawilo osawerengeka, anali asanakwerepo njinga yamoto chibadwire. Adada anati ndi amantha. Amama anati palibe amene anawaitanapo. Anali ndi mng'ono wawo kumidzi ya kuminda ya mpunga amene sanaonane naye chiyambire dzinja, ndipo ine ndinali ndi amayi awiri ongobereka kumene oti ndikawaone chakomweko. Tinapangana za Loweruka.

Amama anabwera atavala duku latsopano ndi nsapato za kutchalitchi. Anakhala kumbuyo chammbali monga amakhalira pa yakapalasa, ndipo ndinawapempha kuti ayang'ane kutsogolo, mwendo uku wina uku. Anakonza chitenje n'kutero. Tikutuluka m'boma anandigwira m'chiuno mwamphamvu moti ndinkapuma movutikira, nkhope ataibisa pamsana panga. Titayenda kanthawi manja anayamba kumasuka. Patsogolo pang'ono ndinamva akundigogoda paphewa, ndipo ndinachepetsa liwiro poganiza kuti akufuna kutsika.

"Chimbirani," anatero m'khutu mwanga. Ankati ndithamange.

Pobwerera mng'ono wawo anatimangira thumba la mpunga, maungu awiri ndi tambala wamoyo. Njinga inakhala pansi ndithu, ndipo pabampu iliyonse mashokapu ankafika pomalizira n'kugogoda, tambala n'kuyankha. Tinalowa m'boma dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Adada anali ataima kutsogolo kwa shedi, ndipo ndisanazimitse n'komwe injini anali atagwada kale kumbuyo, akupapasa mashokapu kuona ngati atulutsa oilo.

Amama anatsika okha, anakung'untha chitenje, n'kuwauza mosakweza mawu kuti munthu amayamba wafunsa mkazi wake ngati wayenda bwino, zitsulo pambuyo. Adada anadzuka, anavula chipewa n'kuwafunsa bwinobwino. Amama anayankha kuti ayenda bwino kwambiri, ndipo Loweruka lotsatira akufuna kukaona azakhali awo ku Tembwe.